Amene anatsegulira khomo okonza mapulinta akale

Ambiri amaganiza kuti ntchito yokonza mapulinta akale ndi kudzaza toner m'makatiriji inabwera ndi umphawi, monga kaunjika analowera m'misika yathu. Mbiri ikukana. Ntchitoyi inakulira m'maofesi a mayiko olemera, makamaka ku America, ndipo anaitsegulira khomo ndi eni makinawo, omwe pambuyo pake anadzalimbana nazo kuti alitseke.

Pulinta ya laser anaitulukira ndi Gary Starkweather wa kampani ya Xerox cha mu 1971. Zoyamba kugulitsidwa, IBM 3800 mu 1976 ndi Xerox 9700 mu 1977, zinali zimakina zikuluzikulu zoti zikawonongeka ankazigwira ndi amisiri a kampani basi. Zinthu zinatembenuka pamene Canon ya ku Japan inasonkhanitsa ziwalo zotha msanga, drum ndi ufa wa toner, m'kabokosi kamodzi kosolola ndi manja. HP inatenga injini ya Canon n'kutulutsa LaserJet mu 1984, yosindikiza mapepala 8 pa mphindi, pamtengo wa madola pafupifupi 3,500, ndipo chaka chotsatira Apple inatulutsa LaserWriter pa injini yomweyo. Cholinga chinali choti kalaliki azisintha yekha katiriji osaitana mmisiri, n'kumagula ina yatsopano nthawi zonse. Koma ukachotsa m'makina chiwalo chimene chimakalamba msanga, thunthu lotsalalo limakhala zaka zambirimbiri. Komanso katiriji yotha ufa nthawi zambiri drum yake inkakhala ikadali ndi moyo, moti anthu ochenjera anayamba kuiboola, kuthiramo ufa wina, kumata n'kugulitsanso. Popeza injini imodzi inkapezeka m'mapulinta a mayina osiyanasiyana, wophunzira kukonza imodzi ankakhala waphunzira zambiri. Zotsala zovuta zinali zochepa: timagudumu ta labala tokoka pepala, timene timasalala, ndi fuser yotenthetsa ufa kuti umatike. HP yeniyeniyo inkagulitsa ziwalo zimenezi pamodzi kuti mwini LaserJet 4000 ya mu 1997 azizisintha akasindikiza mapepala 200,000. Makina opangidwa motero sanali oti atayidwe ofesi ikangofuna atsopano.

Opanga ali ndi dandaulo lawo, ndipo si lopanda mutu. Amati pulinta amaigulitsa motchipa poyembekezera kudzapeza phindu pa toner, ndiye wodzaza makatiriji akukolola pamene sanalime. Lexmark, imene inachoka mu IBM mu 1991, inaika chip m'makatiriji ake, ndipo mu 2002 inasumira Static Control Components chifukwa chopanga ma chip olowa m'malo mwake. Khothi la apilo linakanira Lexmark mu 2004. Mu 2017 Khothi Lalikulu la ku America, pamlandu wa Lexmark ndi kampani yaing'ono ya Impression Products, linagamula kuti ukagulitsa chinthu, mphamvu ya patent yako pa chinthucho yathera pomwepo. Chigamulochi n'chomveka: kutsitsa mtengo wa makina n'kukweza wa ufa opangawo anasankha okha, wogula sanawatume. Zoti ufa wachinyengo umatayikira m'kati n'kudetsa mapepala n'zoona, koma umenewo ndi mlandu wa mmisiri wosalongosoka, osati wa ntchito yonse.

Chotsutsa champhamvu sichichokera kwa maloya ayi, chimachokera ku magetsi. Fuser imatentha kufika madigiri pafupifupi 200, ndipo poyamba kutentha imakoka mphamvu yoti inverter yaing'ono kapena UPS wamba siingapirire, nkhani yosayenera kuipeputsa kumene magetsi amazimazima. Makompyuta atsopano nawonso samvana ndi pulinta iliyonse yakale. Izi zimachepetsa mapulinta oyenera kugula, koma sizigwetsa mfundo, pakuti amene anapangidwira maofesi otanganidwa, ndipo anagulidwa ochuluka, masipeya ndi makatiriji ake akupezekabe.

Choncho inu amene mukufuna pulinta ya pasukulu kapena pashopu, musanapereke ndalama uzani wogulitsa asindikize pepala losonyeza chiwerengero cha mapepala amene yasindikiza kale, funsani mtengo wa katiriji ndi fuser yake, ndipo werengani za mavoti kuseri kwa pulintayo. Zopangidwira ku America zimayendera mavoti 110 mpaka 120, pamene magetsi a ku Malawi ndi ku Zambia ndi a 230.