Dzaleka: Ndende Imene Idasanduka Pothaŵira

Amayi anzathu, ife amene tidakulira kuno ku Chisepo m'zaka za m'ma 1970 tikukumbukira kuti dzina la Dzaleka silinkatchulidwa mokweza. Malowo, amene ali pafupi ndi boma lathu la Dowa, anali ndende ya andale m'nthaŵi ya Dr. Kamuzu Banda, ndipo a Mboni za Yehova ambiri adatsekeredwa kumeneko. Akulu amati dzinalo lidachokera ku mawu akuti "ndidzaleka," mawu a munthu wolapa chifukwa cha zoŵaŵa.

Koma ntchito yolandira othaŵa kwawo siidayambire ku Dowa ayi. Kuyambira chaka cha 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula ku Mozambique, anthu adakhamukira ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, mpaka adapitirira miliyoni imodzi. Ambiri anali abale athu olankhula chinenero chathu chomwechi, kotero kuti ena ankangokhala m'midzi, mafumu nkuŵaloza polima. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, adayamba kubwerera kwawo.

Tsono m'chaka cha 1994, pamene ku Rwanda kudachitika kuphana koopsa kuja, Boma pamodzi ndi bungwe la UNHCR adatsegula Dzaleka kuti ikhale msasa. Alendo aŵa anali osiyana ndi oyamba aja. Adachokera kutali, ku Rwanda, Burundi ndi Congo, ena ku Somalia ndi Ethiopia, ndipo sitinkamvana nawo chinenero. Malowo adakonzedwa kuti asunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika 2023 anali atapitirira 50,000. Tangoganizani, amayi, mzere wa pa mjigo m'maŵa!

Mabungwe adagaŵana ntchito. A UNHCR ndi Boma amalemba maina ndi kumva nkhani ya munthu aliyense, kuti wothaŵa asabwezedwe kumene akanaphedwa. Chimenechi ndicho chitetezo choyamba. A WFP kwa zaka zambiri ankagaŵa chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira, kenaka adayamba kupereka ndalama. A Jesuit Refugee Service adayendetsa sukulu ya pulaimale ya Umodzi Katubza, kumene ana a m'midzi yozungulira adaphunzira limodzi ndi ana a mumsasa. Nacho chipatala cha pamenepo chathandiza Amalaŵi ambiri. Alendo eni akenso sadangokhala manja lende: mu 2014 Menes La Plume, wochokera ku Congo, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini, ndipo anthu a ku Lilongwe adayamba kupita kukamvera nyimbo pamalo pamene kale pankaopedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimatiŵaŵa mtima. Dziko la Malaŵi lidavomera pangano la 1951 lokhudza othaŵa kwawo mu 1987, koma lidakana mbali zina, monga ufulu wolembedwa ntchito ndi wokhala kumene munthu afuna. Lamulo lathu la othaŵa kwawo lidakhazikitsidwa mu 1989, pamene tinkaganiza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mwana wobadwira ku Dzaleka mu 1994 lero ndi mayi wa ana ake, wopanda munda, wodikira thandizo la pamwezi. Ife odziŵa kufunika kwa nkhokwe pakhomo sitinganene kuti munthu wotere watetezedwa mokwanira.

Ena mwa iwo adatuluka kukachita malonda m'matauni, nakwatirana ndi ana athu. Boma lidalamula kuti onse abwerere ku msasa pofika pa 15 Epulo 2023, ndipo m'mwezi wa Meyi apolisi adagwira mazanamazana ku Lilongwe, ena ali ndi ana kumsana, naŵasunga kundende ya Maula asanaŵatengere ku Dzaleka. Chaka chomwecho a WFP adachepetsa thandizo la chakudya kufika pa theka, chifukwa ndalama zochokera kunja zidachepa.