Ethnology: kuyerekezera zikhalidwe za mitundu ya anthu

Ethnology ndi nthambi ya maphunziro imene imayerekezera zikhalidwe za mitundu ya anthu pofuna kudziwa pamene zikufanana, pamene zikusiyana, ndiponso chifukwa chake. Liwuli lidachokera ku Chigiriki, mmene ethnos amatanthauza mtundu wa anthu. Adam František Kollár, katswiri amene ankagwira ntchito ku Vienna, adafotokoza tanthauzo lake m'buku la mu 1783.

Phunziroli ndi losiyana ndi ethnography, imene imalemba mwatsatanetsatane za mtundu umodzi wokha. Wolemba za maliro a Achewa wachita ethnography. Woika zimenezo pambali pa maliro a Ashona n'kufunsa chimene chidawasiyanitsa walowa mu ethnology.

Dera la Ngezi, Kadoma ndi Chegutu ku Zimbabwe ndi chitsanzo chabwino. M'nthawi ya atsamunda, anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique ankapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya golide monga Cam and Motor ndi Dalny. Ambiri adatchona, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, adazika mizu m'makomboni.

Mitundu iwiriyi imalemekeza mizimu ya makolo, koma mzimu umafika mosiyana. Kwa Achewa umaonekera ngati chilombo chochokera kudambwe, ndipo wovina saululidwa. Kwa Azezuru umalankhula kudzera mwa munthu wodziwika kwa onse, wotchedwa svikiro. Dzina lenileni la boma la Mhondoro-Ngezi likukumbutsa zimenezi: mhondoro ndi mzimu wa mfumu yakale, umene amati umakhala mwa mkango.

Kusiyana kokhudza kwambiri moyo kuli pa mtundu wa mwana. Mwa mwambo wa Achewa, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi atsibweni. Kwa Azezuru mwana amatenga mutupo wa bambo, makamaka chuma cha ukwati, roora, chikaperekedwa. Choncho wobadwa kwa bambo Mchewa ndi mayi Mzezuru angathe kupezeka pakati, mbali iliyonse ikumuloza kwa inzake, ndipo nkhaniyi imakula pa maliro ndi pogawa chuma cha masiye.

Akatswiri ena a m'zaka za m'ma 1800 adagwiritsa ntchito kuyerekezera kotere poika mitundu pamakwerero, ina pamwamba ina pansi. Maganizo amenewo adakanidwa m'maphunziro, ngakhale kuti m'misewu sadathe msanga: ana a matchona akhala akunyozedwa kuti ndi anthu opanda mutupo, pamene ali ndi mafuko awo monga Banda, Phiri ndi Mwale. Lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya ambiri mwa iwo opanda dziko.

Bungwe la UNESCO lidazindikira gule wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 adaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka ndi boma.