Nsupa ya Mafuta: Mbiri ya Zodzola ndi Zitsamba ku Mzimba

Munthu woyenda mumsika wa pa Boma la Mzimba amaona mabotolo a mafuta odzola atandandalikidwa pamabenchi, ambiri mwa iwo ochokera kunja kwa dziko lino. Chapafupi pomwepo pamakhala mkulu wina atayala chiguduli pansi, ndipo pachigudulipo pali mizu, makungwa ndi timabotolo ta ufa. Ogula amadutsa pakati pa amalonda awiriwa osaganiza kuti katundu wa aliyense ali ndi mbiri yake. Chimangirizo chino chikulondola mbiri imeneyo, ndiye kuti zinthu zimene anthu a ku Mzimba akhala akudzola, kusambira ndi kumwa pofuna kusamala matupi awo, kuyambira nthawi imene Angoni anali asanafike kufikira lero lino.

Poyamba tiyenera kukumbukira kuti Mzimba ndi dera lokwera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri ndipo mphepo yake imakhala youma. Khungu la munthu wosadzola limatuwa, milomo imasweka, ndipo ku zidendene kumachita ming'alu yopweteka imene imalepheretsa munthu kuyenda ulendo wautali. Motero kwa makolo athu mafuta anali chinthu chofunika pa moyo monga momwe unalili moto wa m'nyumba. Nsalu zinali zosowa, choncho chimene chinkatchinjiriza thupi ku mphepo, ku dzuwa ndi ku fumbi chinali chimene munthu wadzola.

Angoni asanabwere, m'derali munkakhala Atumbuka ndi mitundu ina yoyandikana nawo. Mafuta amene anthu ambiri a m'chigawo chino cha Africa ankadalira anali a nsatsi. Chomerachi chimamera chokha m'mabwinja ndi m'mbali mwa makola, ndipo anthu anachidziwa kalekale, pakuti ngakhale zolembedwa za mankhwala za ku Egypt za m'zaka za m'ma 1550 Yesu asanabadwe zimachitchula. Kuyenga mafutawa inali ntchito ya amayi. Iwo ankakazinga nthanga zake, n'kuzisinja mumtondo, kenaka n'kuziwiritsa m'madzi. Mafuta akayandama ankawawengula mosamala ndi kuwathira munsupa. Mwana wakhanda ankadzozedwa mafutawa akasambitsidwa, namwali ankawadzola tsiku lotuluka, ndipo amayi ankafewetsera tsitsi lawo asanalipese.

Kutchire nakonso kunali zambiri. Masamba a chewe, amene timawadziwa ngati ndiwo za thelele, akafikisidwa m'madzi amatulutsa madzi oterera amene ankagwira ntchito ya sopo potsuka tsitsi. Utomoni wofiira wa mlombwa, mtengo umene akatswiri a zomera amautcha Pterocarpus angolensis, ankaupaka pa chipere. Chipatso cha mvunguti chinkathandiza pa zilonda ndi nthenda zina za pakhungu, pamene nthanga za mpinjipinji zinkapereka mafuta ofewetsera khungu ndi zikopa. Makungwa owawa a muwawani ankanyikidwa m'madzi n'kumwetsa wodwala m'mimba. Nzeru zoterezi zinali ndi eni ake. Zina zinkadziwika ndi mayi aliyense, zina zinali za azamba okha, ndipo zozama kwambiri zinkasungidwa ndi asing'anga, amene ankaziulula kwa mwana kapena mdzukulu mmodzi yekha amene amukhulupirira.

Zinthu zinasintha pamene Angoni anafika. Iwowa anachoka kum'mwera kwa Africa motsogozedwa ndi Zwangendaba Jere, ndipo anawoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Zwangendaba anamwalira ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, cha m'ma 1848. Mtundu utagawikana, gulu la mwana wake M'mbelwa linabwerera cha kum'mwera ndi kukhazikika m'dera la Mzimba m'zaka za m'ma 1850. Pa ulendo wawo wautaliwo Angoni anatenga anthu a mitundu yambiri monga Athonga, Akaranga ndi Ansenga, ndipo aliyense wa iwowa anabwera ndi mankhwala a kwawo. Ichi n'chifukwa chake nzeru za zitsamba za ku Mzimba zili ngati mtsinje umene walandira madzi a timifuleni tambiri.

Chuma cha Angoni chinali ng'ombe, ndipo zodzola zawo zinkachokera kukhola. Mafuta a ng'ombe ndiwo ankawalitsa matupi a ankhondo povina ingoma, ndiwonso ankafewetsa zikopa zovala. Amuna achikulire amene apatsidwa ulemu ankavala mkombero wakuda wosokereredwa kutsitsi lawo, ndipo poona mutu wokha munthu ankadziwa msinkhu ndi udindo wa mwini wake. Komabe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 kunagwa mliri woopsa wa ng'ombe umene unapululutsa makola m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo kumpoto kwa dziko lino sikunapulumuke. Ng'ombe zitachepa, mabanja ambiri anadalira kwambiri nsatsi ndi zomera zina. Amayi a Chitumbuka amene anakwatiwa ndi Angoni ndiwo ankalera ana, choncho monga momwe anawaphunzitsira chiyankhulo chawo mpaka Chingoni chinayamba kuzilala, anawaphunzitsanso mayina a mitengo ndi ntchito zake.

Nyengo yachitatu inayamba ndi amishoni a Livingstonia. William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale, anakhazikika ku Njuyu mu 1882, ndipo mu 1885 kunafika Dr Walter Angus Elmslie, amene anali dokotala. Mu 1902 Donald Fraser anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni, kum'mwera kwa bomali, komwe mkazi wake Dr Agnes Fraser ankathandiza odwala. Chipatala cha Embangweni chikugwirabe ntchito mpaka lero. Amishoni anabweretsa sukulu, sopo ndi mankhwala a chizungu, ndipo palibe angakane kuti anapulumutsa miyoyo yambiri. Koma ambiri mwa iwo ankaona mankhwala a makolo ngati mbali ya chikunja. Mwana wa sukulu anayamba kuphunzira kuti munthu waukhondo ndi amene akununkhira sopo, ndipo fungo la nsatsi linasanduka chizindikiro cha munthu wosaphunzira.

Mu 1904 mafumu a Angoni anakumana ndi Alfred Sharpe ku Ekwendeni ndi kulowa pansi pa ulamuliro wa Britain. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, mu 1911, boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la za ufiti. Lamuloli linaletsa kumwetsa mwavi, kuloza munthu kuti ndi mfiti ndiponso ntchito yofufuza mfiti. Kuletsa mwavi kunali koyenera chifukwa makungwa a mtengowo ali ndi poizoni amene anapha anthu ambiri osalakwa. Lamuloli silinaletse kuchiza ndi zitsamba, komabe m'maganizo a anthu ambiri sing'anga wa zitsamba ndi woombeza maula anaikidwa mumtanga umodzi. Chotsatira chake chinali chakuti akhristu ambiri ankapita kwa sing'anga usiku, ndipo akuluakulu ena analeka kuphunzitsa ana awo poyera zimene ankadziwa.

Chimene chinagonjetsa nsupa kotheratu chinali ulendo wa kumigodi. Msonkho utayamba, amuna a ku Mzimba anakhamukira ku Halale ndi ku Joni, ena paokha, ena kudzera ku bungwe la Wenela. Ena anasanduka matchona, koma amene ankabwerera ankafika ndi masutikesi odzaza ndi mabulangete, sopo ndi mabotolo a Vaseline. Mafuta amenewa, amene Robert Chesebrough wa ku America anawalembetsa mu 1872, amapangidwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi. Iwo sanunkha, saonongeka msanga ndipo safuna kuti mayi atsekere tsiku lonse pamtondo ndi pamoto. Mu 1974 boma linaimitsa kulemba anthu a Wenela ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74, koma pofika nthawi imeneyo botolo linali litalowa kale m'nyumba iliyonse, ndipo njira ya ku Joni anthu a ku Mzimba sanaisiye mpaka lero.

M'masutikesi momwemo munabweranso chinthu china chimene makolo sankachidziwa, ndicho mafuta oyeretsa khungu. Zodzola za makolo zinkafuna kuti khungu lakuda liwale ndi kufewa, pamene zatsopanozi zinkalonjeza kulisintha mtundu. Mu 1975 madokotala a ku South Africa analemba za nthenda ya pakhungu imene inkagwira amayi odzola mafuta okhala ndi mankhwala otchedwa hydroquinone kwa nthawi yaitali. Nkhope inkayamba yayera, kenaka n'kuchita mawanga akuda osachoka. Mu 1990 dzikolo linaletsa mankhwalawa m'mafuta odzola. Sopo ndi mafuta ena oyeretsa amakhala ndi mercury, amene amaononga impso. Apa mpamene tikuona kuti kusiya chakale sikutanthauza nthawi zonse kupita patsogolo.

Mwayi wake ndi wakuti nzeru zina zinalembedwa zisanatayike. Margaret Read anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930 ndi kulemba za moyo wawo ndi kaleredwe ka ana awo. Jessie Williamson anasonkhanitsa mayina ndi ntchito za zomera m'buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, limene linatuluka mu 1955 ndipo linakonzedwanso mu 1975. Mu 1978, pa msonkhano wa ku Alma-Ata, maiko anavomereza kuti asing'anga ndi azamba angathandize pa chisamaliro choyamba cha umoyo. Mu 1987 dziko lathu linakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi losunga ndi kufufuza zomera, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza vimbuza, gule wochiza wa Atumbuka amene amishoni ankamuletsa. Lero mvunguti, umene unkaonedwa ngati mankhwala a kumudzi, umapezeka m'mafuta odula ogulitsidwa ku Ulaya.

Komabe wophunzira mbiri sayenera kutamanda zakale mosaganiza. Nthanga za nsatsi zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin, ndipo mwana akatafuna zingapo angathe kufa. Mafuta ake amakhala abwino chifukwa poizoniyo amatsalira m'madeya ndipo moto umamufooketsa. Mankhwala akumwa a zitsamba alibe muyeso wokhazikika, kotero kuti amene anachiza wamkulu angathe kupweteka mwana. Kutema mphini anthu angapo ndi lumo limodzi kungafalitse kachirombo ka HIV. Malungo, chifuwa chachikulu ndi chilonda chosapola zimafuna chipatala msanga. Ulemu weniweni kwa makolo ndi kuyesa zimene anatisiyira, kusunga zothandiza ndi kutaya zovulaza, monga momwe iwo eni ankachitira.

Vuto limene tili nalo tsopano lili pawiri. Mbali yoyamba ndi ya nkhalango. Kuotcha makala, kutsegula minda yatsopano ndi kudula mitengo ya zigafa za fodya zachepetsa tchire lachilengedwe, ndipo mlombwa ukusakidwa chifukwa cha matabwa ake. Mitengo ya paini ya ku Chikangawa imapereka matabwa, koma singalowe m'malo mwa muwawani kapena mpinjipinji. Nkhalango zotetezedwa monga Perekezi, kufupi ndi tauni ya Mzimba, n'zofunika pa chifukwa chimenechi. Mbali yachiwiri ndi ya anthu. Gogo amene amadziwa mtengo poona khungwa lake akamwalira mdzukulu ali ku Johannesburg, zonse zimene ankadziwa zimalowa naye m'manda, ndipo palibe buku limene lingazibweze.

Mwachidule, mbiri ya zodzola ku Mzimba yatisonyeza mayi wa Chitumbuka pamtondo wa nsatsi, Mngoni pakhola lake, mmishoni ndi sopo wake, ndi wobwera kumigodi ndi botolo lake. Aliyense anaonjezerapo kanthu ndipo aliyense anachotsapo kanthu. Chaka chilichonse mu Ogasiti anthu amasonkhana paphiri la Hora pa mwambo wa Umthetho kukumbukira mbiri ya Angoni, ndipo n'koyenera kuti mbiri ya zomera ikumbukiridwenso. Ntchitoyi ili m'manja mwa inu ophunzira, amene mumadziwa kulemba komanso mumaphunzira sayansi. Pa tchuthi chikudzachi khalani pansi ndi agogo anu, afunseni dzina la mtengo uliwonse m'chiyankhulo chawo, gawo limene ankagwiritsa ntchito ndi kakonzedwe kake, ndipo mulembe zonsezo m'kope. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha pali wina amene anawamva ndi kuwasunga.