Harpagophytum

Harpagophytum ndi chomera choyanga pansi, cha m'banja limodzi ndi chitowe, chimene chimamera mumchenga wa ku Kalahari. Pali mitundu iwiri: procumbens wa ku Namibia, Botswana ndi South Africa, ndi zeyheri umene umapezekanso ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Mizu yake ndi mankhwala otchuka a nyamakazi.

Kafukufuku pa nyama

Mu 1958, B. Zorn wa pa yunivesite ya Jena ku Germany analemba kuti madzi a mizuyi anachepetsa kutupa kwa mfundo za makoswe amene anawadwalitsa dala nyamakazi. Kufalikira kwa nkhaniyi kunatsegula msika, ndipo mu 1962 mizu youma inayamba kutumizidwa ku Germany kuchokera ku Namibia. Koma mu 1983 ofufuza ena ku Canada anamwetsa makoswe mankhwalawa, kutupa osaphwa. Mu 1994 Soulimani ndi anzake ku France anaona kuti akabaya mankhwalawo m'mimba mwa khoswe amagwira ntchito, koma akamwetsa sagwira, ndipo anaganiza kuti asidi wa m'chifu ndiye amawafoola. M'mizumo muli mankhwala owawa otchedwa harpagoside, amene ambiri amati ndiwo amaletsa kutupa.

Maina ndi ntchito zake

Chipatso chake ndi chodabwitsa zedi. Chikauma chimalimba gwa, ndipo chili ndi timanja tokhala ndi ngowe zimene zimakola ziboda za ziweto, mbewu n'kumwazika kumene nyamayo ikupita. N'chifukwa chake m'Chiafirikanzi amachitcha duiwelsklou, kutanthauza chikhadabo cha mdyerekezi. Atswana amati sengaparile.

Anthu a mitundu ya Asani ndi Anama akhala akumwa mizuyi kuyambira kalekale akamadwala m'mimba, akatentha thupi, ngakhalenso pakubereka. Mafuta osakaniza ndi mizuyi amapaka pazilonda. Wokumba wodziwa ntchito sazula muzu waukulu. Amakumba mbali imodzi, n'kutenga timizu ta m'mbali tonga mbatata, n'kukwiriranso dzenjelo kuti chomeracho chiphukenso. Timizuto amatidula mapisi n'kuyanika msanga, poti tili ndi madzi ambiri ndipo sitichedwa kuchita nkhungu.

Ku Ulaya mizuyi amapatsanso agalu ndi akavalo okalamba, ngakhale bungwe loyang'anira mipikisano ya akavalo la FEI limaletsa harpagoside pa kavalo amene ali pa mpikisano.

Zotsatira za kafukufuku wa pa makoswe uja n'zosagwirizana, motero pazokha sizikwanira kutsimikiza kuti mizuyi imathandiza munthu wodwala nyamakazi.