Njinga ndi Sitima: Kuchokera kwa Nazombe Kumka Tsidya la Nyanja



Nkhani yathu ya lero idayamba ndi funso. Tsiku lina pa msika wa Chiringa, kwa Mfumu Yaikulu Nazombe m'boma la Phalombe, mnyamata wina amene adali kumata chubu cha njinga yake adandifunsa kuti, "Kodi bambo, munthu angathe kukwera sitima ya Ilala ndi njinga, n'kukatsika nayo ku Mozambique, n'kubwerako pasanathe milungu iŵiri?" Anzake adamseka kwambiri. Iwo adati ku Mozambique n'kuseri kwa munda, munthu amamwa phala kwawo, kukagula chimanga kutsidya, ndi kubwerera dzuŵa lisanapendeke. Nanga kuvutikiranji ndi sitima? Ine sindidaseke nawo. Ulendo woterewu ngotheka, ndipo njira yake idapondedwa kale ndi anthu ambiri, ngakhale kuti iwowo sadayende pofuna kuona malo.

Anzake aja sadaname. Malire ali pafupidi, ndipo malirewo ngaang'ono msinkhu powayerekeza ndi ubale wa anthu a mbali ziŵirizi. Adalembedwa m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 Juni 1891, limene lidadutsitsa mzere kum'maŵa kwa nyanja za Chiuta ndi Chilwa kufikira ku mitsinje yothira mu Ruo. Amene adaulemba mzerewo sadafunse munthu aliyense wa kuno. Pa nthaŵiyo mpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi udali njira ya amalonda a akapolo yotsikira ku gombe la Quelimane, ndipo n'chifukwa chake mu 1893 boma la atsamunda lidamanga linga la Fort Lister pampatapo. Patapita zaka zochepa, njira yomweyo idayamba kudzaza ndi anthu oyenda chakuno. Aŵa adali Alomwe, monga Amihavani, Amanyawa, Atakhwani ndi Akokhola, amene ankathaŵa njala ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ambiri adakagwa m'manja mwa thangata m'minda ya Azungu, koma adakhazikika, ndipo zidzukulu zawo ndizo zambiri mwa anthu a m'chigwa cha Phalombe. Choncho munthu wa kwa Nazombe akamaoloka malire kumka kum'maŵa, kaŵirikaŵiri amakhala akupita kwa agogo ake. Madzi saiŵala khwaŵa.

Makolo amenewo adabwera wapansi, katundu ali pamutu. Njinga idadza pambuyo, ndipo chimene ambiri sachiganizira n'chakuti nayonso idafika kuno pa sitima. Njinga ya maonekedwe amene tiwadziŵa lero, ya matayala aŵiri ofanana ndi tcheni, idapangidwa ku Coventry mu 1885 ndi John Kemp Starley, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop adapanga tayala lopopa mpweya. M'masiku amenewo katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira pa doko la Chinde, pamene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja yamchere. Kuchokera apo ankakwezedwa m'sitima zazing'ono zokwera Zambezi ndi Shire. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908 zinthu zidapepukako, koma Zambezi adatsalabe pakati. Ngakhale njanji yochokera ku Beira idatsegulidwa mu 1922, anthu ndi katundu ankaoloka mtsinjewo pa sitima pakati pa Murraça ndi Chindio, kufikira mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935. Njinga iliyonse imene idaloŵera njira imeneyo chisanafike chaka chimenecho idalaŵa madzi isanalaŵe fumbi lathu.

Poyamba idali ya amishoni ndi akuluakulu a boma. Amene adaifikitsa m'midzi ndi aphunzitsi, akalaliki, ndipo makamaka anthu obwerera kuchokera ku migodi ndi m'mapulazi a ku Rhodesia ndi ku South Africa. Achikulire amene mukumvera mukumbukira mmene mudzi unkagwedezekera munthu akafika ndi Raleigh kapena Humber yakuda, belu likulira kuyambira kudambo. Njinga idali umboni wakuti mwana wa eni sadatchone, ndiponso kuti sadapite kukaseŵera. Pambuyo pake padadza Phoenix ya ku China ndi Hero ya ku India, zotsika mtengo, ndipo m'chigwa cha Phalombe njinga idaleka kukhala yonyadira, idasanduka khasu lachiŵiri.

Amene adaphunzitsa njinga kukwera bwato ndi ogula nsomba a pa nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo njosazama, koma m'zaka zabwino imapereka matemba, makumba ndi milamba yochuluka. Amalonda amapalasa m'bandakucha kumka kumadoko, ena n'kukweza njinga m'bwato pa Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi kapena kutsidya, n'kubwerako madengu ali tho pa kaliyala. Nyanjayi ikaphwa, monga idachitira mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, mabwato amagona pamatope ndipo njinga imadutsa pamene padali madzi. Anthu ameneŵa ndiwo akatswiri enieni a ulendo wa njinga ndi bwato. Aliyense wofuna kudziŵa kamangidwe ka katundu koti asanyowe akafunse iwo, asafunse ife a m'tauni.

Tsono tiyeni timtsate mnyamata uja. Kuchoka pa Chiringa adzaloŵera ku Phalombe, kenaka kutsata mseu wa Jali mpaka ku Zomba, n'kutsikira ku Liwonde ndi ku Mangochi. Munthu wozoloŵera kupalasa angafike ku Monkey Bay m'masiku atatu kapena anayi popanda kudzipha. Ndingamlangize kuti aime pa Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, pamene pali nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria. Pamenepo pali zinthu ziŵiri zoyenera kuziona munthu asanakwere sitima. China ndi mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli. Chinacho ndi chikumbutso cha anthu a m'sitima ya Vipya.

Vipya idamira pa 30 Julayi 1946 ikuchokera ku Mbamba Bay, itatsala pang'ono kufika ku gombe la kumpoto pafupi ndi Chitimba. Anthu 145 adafera m'madzi. Idali sitima yatsopano, imene idali itangoyenda maulendo oŵerengeka, ndipo idakumana ndi mwera. Tsiku limenelo n'lofunika kwa wokonza ulendo, pakuti likutiuza za nyengo. Mwera umaomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo pamenepo nyanja ya Malaŵi imakwiya ngati nyanja yamchere. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi mvula, ndipo anthu a ku Phalombe, amene adaona madzi ndi miyala zikutsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 ndiponso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, safuna kuuzidwa za miyezi imeneyo. Kwa ine, mwezi wabwino ndi Sepitembala: mwera wafooka, miseu njouma, ndipo kutentha kwa Okutobala sikunafike.

Dzina la Ilala n'lakale kuposa sitima imene ambiri aife tidaikwerapo. Ilala yoyamba idali ya amishoni a Livingstonia, ndipo idatchedwa dzina la dera limene David Livingstone adamwalirako mu 1873. Idabwera zidutswazidutswa, n'kulumikizidwa pa Zambezi. Itafika pa mathithi a Shire idaphwasulidwanso, ndipo anthu mazanamazana a m'midzi adasenza zitsulozo pamutu mtunda wa mailosi pafupifupi 60. Pa 12 Okutobala 1875 idaloŵa m'nyanja, ili ndi E. D. Young ndi Dr Robert Laws. Maina a aŵiriŵa adalembedwa m'mabuku. A osenza aja sadalembedwe, chonsecho akuti palibe chidutswa chimene chidasoŵa panjira. Ilala yachiŵiri idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949. Nayonso idafika zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, idalumikizidwa kuno, n'kuyamba ntchito mu 1951.

Kwa zaka zambiri dongosolo lake lidali lakuti inyamuke pa Monkey Bay Lachisanu, kukafika ku Chilumba, ndi kubwerera Lachitatu, ikuima pa Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Padali zaka zimene inkakochezanso ku Metangula ndi ku Cobué, m'dziko la Mozambique. Koma sitima ya zaka zoposa 70 imadwala, ndipo nthaŵi zina yakhala miyezi yambiri ikukonzedwa, monga mu 2012. Safunsa adadya phula. Munthu asapalase masiku anayi asanafunse ku doko za tsiku lonyamukira ndi madoko amene sitima idzaimapo. Njinga imalipiridwa ngati katundu. Pa madoko opanda pokocheza, sitima imaima patali ndipo anthu amatsikira m'maboti aang'ono, mothinana ndi matumba a ufa, nkhuku ndi malata. Apo mpamene masipoko amathyokera. Wanzeru amamasula katundu yense pa kaliyala, n'kumanga mapepala ake m'pulasitiki pachifuwa, ndipo saleka njinga yake kufikira itagunda mchenga.

Njira yodalirika yoloŵera tsidya ndiyo ya pa Likoma. Chilumba chimenechi, pamodzi ndi Chizumulu, n'cha Malaŵi ngakhale kuti chazingidwa ndi madzi a Mozambique. Chifukwa chake n'chakuti amishoni a Anglikani a UMCA adakhazikikapo m'zaka za m'ma 1880, malire asanalembedwe, ndipo mu 1954, pamene Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana kuti malire a kumeneko adutse pakati pa nyanja, zilumba ziŵirizi zidatsala mbali yathu. Tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene adayamba kumanga mu 1903, chidakalipo. Amishoniwo ankayendera midzi ya kutsidya pa sitima, ndipo yotchuka mwa sitima zawo ndi Chauncy Maples, imene idayamba kuyenda mu 1901. Idatenga dzina la bishopu amene adamira m'nyanja yomweyi mu 1895. Kuchoka pa Likoma, mapiri a Cobué amaoneka bwinobwino, ndipo mabwato a anthu wamba amaoloka ndi okwera ndi katundu. Apa pakufunika pasipoti yodindidwa potuluka ndi poloŵa. Chizoloŵezi cha kwathu chongodutsa m'munda wa amalume sichigwira ntchito kumeneko.

Chimene chidzamdabwitse mnyamata wathu potsika n'chilankhulo. Anthu a m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Niassa ndi Anyanja, ndipo adzamlonjera m'mawu amene iye adzawamva popanda womasulira. Kumtunda adzapeza Ayao. Ndalama ndi metical, imene idayamba kugwira ntchito mu 1980, ndipo pamseu amayenda kumanzere monga kwathu. Koma dziko limenelo lidaona zoŵaŵa. Nkhondo yomenyera ufulu, imene Frelimo idayamba pa 25 Sepitembala 1964, idafika msanga pagombe limeneli. Apwitikizi adali ndi maboti a nkhondo pa Metangula, ndipo anthu ambiri adathaŵira ku Likoma. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, padabukanso nkhondo ya pachiŵeniŵeni. Kuyambira 1986 othaŵa adakhamukira kuno, mpaka chiŵerengero chawo chidapitirira miliyoni imodzi, ndipo midzi ya m'malire ku Mulanje ndi Phalombe idagaŵana nawo minda ndi zitsime. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ndikunena izi kuti tidziŵe kuti ulendo wongokaona malo kutsidya ndi chinthu chatsopano. Kwa zaka pafupifupi 28, amene ankaoloka madzi amenewo ambiri adali othaŵa.

Kuchoka ku Cobué mseu wa dothi umakwera mapiri n'kutsikira ku Metangula, pafupi ndi mishoni yakale ya Messumba. Midzi njotalikirana, choncho pampu, zigamba, guluu, sipanala, masipoko apadera ndi madzi akumwa zisasoŵe. Wa masiku ochepa angabwerere pomwepo kukadikira sitima pa Likoma. Wamphamvu apitirire ku Lichinga, kumene Apwitikizi ankakutcha Vila Cabral. Adziŵiretu kuti nyanja ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere pamene Lichinga ali pa mamita oposa 1,300, ndipo chitunda chimenecho njinga ya kabaza amachita kukankha. Kumeneko kumazizira usiku, bulangete n'lofunika. Kuchoka apo mseu umaloza kumwera mpaka ku Mandimba, n'kuloŵa m'Malaŵi pa Chiponde, kudutsa Namwera, ndi kutsetsereka kumka ku Mangochi, pamene mabuleki ayenera kukhala atsopano.

Mnyamata uja adaŵerenga masiku ndi zala: anayi opita ku Monkey Bay, limodzi kapena aŵiri a pamadzi, limodzi la pa Likoma, asanu kapena asanu ndi limodzi a kutsidya, atatu obwerera kuchokera ku Mangochi. Adapeza kuti milungu iŵiri njothina, pokhapokha sitima itasunga nthaŵi. Adati adzayamba wagulitsa nandolo, kuti apeze ya pasipoti ndi matayala aŵiri atsopano.