Mafunso ndi Mayankho: Ndani adayambitsa zoti mabwana ndi antchito azikhala pa tebulo limodzi?

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito pa fakitale ina ku Kanengo. Mwezi watha anzanga a yuniyoni adandisankha kulowa m'komiti yomwe timakhala pamodzi ndi mabwana, ife anayi iwonso anayi. Tsiku loyamba ndidakhala moyang'anizana ndi bwana yemwe amasainira tchuthi changa, ndipo tiyi adazizirira m'kapu chifukwa manja amangonjenjemera. Kodi mwambo umenewu udachokera kuti? Wowotcherera zitsulo, Lilongwe.

YANKHO: Achimwene, limbani mtima. Pa tebulo lotere oyamba kunjenjemera adali mabwana ndi boma.

Nkhaniyi tiyitole ku Britain, pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Boma linkafuna zipolopolo ndi mabomba usana ndi usiku. M'chaka cha 1915 atsogoleri a mayuniyoni adavomera kuti sitalaka iyambe yaima mpaka nkhondo itatha, ndipo chaka chomwecho padabwera lamulo loletsa kunyanyala ntchito m'mafakitale a zida. Lamulolo lidafika poti munthu sakadatha kusiya ntchito n'kukalembedwa kwina msanga popanda kalata yochokera kwa bwana wake. Mitengo ya zakudya ndi lendi zinkangokwera, koma pakamwa pa wantchito padali potsekedwa.

Atsogoleri akuluakulu atakhala chete, anthu adayamba kumvera anzawo omwe ankadzisankhira okha pamakina pomwepo. Ku Glasgow, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, oimira anzawowa adapanga komiti yawoyawo yomwe sinkamvera boma ngakhale malikulu a yuniyoni. Mu Meyi 1917 amisiri a zitsulo pafupifupi 200,000 adanyanyala ntchito nkhondo ili mkati. Chaka chomwecho ku Russia mfumu idachotsedwa pampando, makomiti a antchito ndi asilikali akutenga mphamvu. Akuluakulu a ku London adaona kuti moto wa kwa mnansi ukhoza kulumphira denga lawo.

Boma lidali litasankha kale kagulu mu 1916 koti kafufuze momwe mabwana ndi antchito angakhalire bwino nkhondo ikatha. Wapampando adali John Henry Whitley, phungu wa ku Halifax, wochokera m'banja la eni fakitale yopota thonje, yemwe pambuyo pake adadzakhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Lipoti lawo loyamba lidatuluka mu 1917. Lidati pa mtundu uliwonse wa ntchito pakhale khonsolo ya dziko lonse, pansi pake makhonsolo a m'zigawo, ndipo pansi penipeni komiti ya pa fakitale, ngati yanuyo. M'menemo muzikhala mbali ziwiri, ndipo azikumana nthawi ndi nthawi ngakhale popanda mkangano. Apa ndi pomwe padagona nzeru. Kale mbali ziwirizi zinkaonana pokhapokha zinthu zitavuta, aliyense atakwiya kale. Whitley adafuna kuti azidziwana nkhope kusanade.

Sikuti iye ndiye adayamba kulota zimenezi. Mu 1860, ku Nottingham, mwini fakitale ya masokosi A. J. Mundella adatopa ndi masitalaka ndipo adakhazikitsa bwalo lokambirana, momwe oluka masokosi ndi eni mafakitale ankakhala ofanana chiwerengero. Chomwe Whitley adachita ndi kutenga mbewu yomwe inkamera m'munda umodzi n'kuuza boma kuti liifese dziko lonse.

Oyamba kuvomera adali oumba mbale ndi makapu a dothi, kumayambiriro kwa 1918. Pofika 1921 makhonsolo otere adakwana 73. Komabe a m'migodi ya malasha ndi amisiri a zitsulo, omwe mayuniyoni awo adali amphamvu kale, sadalabadire. Chuma chitagwa mu 1921 ndipo ntchito zitasowa, mabwana ambiri mantha adawathera, makhonsolo ambiri n'kufa. Komwe adakhazikika ndi m'boma. Ogwira ntchito m'boma la Britain adapeza khonsolo yawo mu 1919, ndipo a m'zipatala za boma adatsatira mu 1948. M'khonsolo ya mu 1919 ija wapampando ankachokera ku mbali ya mabwana, wachiwiri wake ku mbali ya antchito, ndipo mamembala sankavota. Mfundo inkadutsa pokhapokha mbali zonse ziwiri zagwirizana. Atsamunda adapita nayo njira imeneyi kumaiko omwe ankawalamula, ndipo dzina la Whitley lidamveka mpaka m'maofesi a boma ku Nigeria.

Choncho mukakhalanso pampando uja, imwani tiyi wanu akadali wotentha. Mpandowo sudabwere ngati mphatso ya bwana. Adaugula ndi anthu omwe adaimitsa makina.

FUNSO: Amalume anga omwe adagwira ntchito zaka zambiri ku Joni amati makomiti amenewa ndi msampha wophera yuniyoni. Akunena zoona? Mlonda, Limbe.

YANKHO: Amalume anu akulankhula zomwe adaona ndi maso, ndipo musawatsutse msanga. Kumayambiriro kwa 1973 antchito akuda zikwizikwi adanyanyala ntchito ku Durban, kuyambira pa fakitale ya njerwa. Boma la tsankho lidayankha ndi lamulo lolimbikitsa makomiti a pa ntchito, momwe bwana ankaloledwa kusankha yekha mpaka theka la mamembala. Cholinga chidali choti anthu akuda azidandaulira m'komiti m'malo mokhala ndi yuniyoni. Antchito sadapusitsike, ndipo mu 1979 boma lidagonja n'kuyamba kuvomereza mayuniyoni awo. Chilondacho sichidapole msanga. Lamulo la ntchito la mu 1995 litabweretsa mabwalo atsopano okambirana pa ntchito, lidanenetsa kuti bwalo lotere likhazikitsidwe pokhapokha yuniyoni yapempha, komanso pamalo pomwe pali antchito opitirira 100.

Ku America zidachitikanso. Pa 20 Epulo 1914, ku Ludlow m'chigawo cha Colorado, asilikali adaukira msasa wa anthu a m'migodi omwe adali pa sitalaka. Mahema adatenthedwa, ndipo amayi 2 ndi ana 11 adafera m'dzenje lomwe adabisalamo pansi pa hema. Kampani yayikulu pa mkanganowo idali ya banja la Rockefeller. Pofuna kutsuka dzina, John D. Rockefeller Jr. adaitana Mackenzie King, yemwe adadzakhala nduna yayikulu ya Canada, kuti amukonzere makomiti a mabwana ndi antchito. Adayamba mu 1915, ndipo zina monga nyumba zidakonzedwadi, koma yuniyoni ya m'migodi idatsekeredwa kunja. Makampani ambiri adatengera, mpaka lamulo la Wagner la mu 1935 lidaletsa bwana kulamulira kapena kudyetsa bungwe la antchito.

Taganizirani za unkhoswe. Banja likavuta, kuchimuna kumabwera ankhoswe ake, kuchikazinso ake. Nanga mwamuna atasankha yekha ankhoswe a mbali zonse ziwiri, n'kuwagulira ndi thobwa lomwe, mkazi angawine mlandu wanji? Kusiyana kwa Whitley ndi Rockefeller kuli pomwepo. Whitley adati oimira antchito achokere ku mayuniyoni awo. Ku Germany, komwe lamulo la makhonsolo a pa ntchito lidabwera mu 1920, n'kuthetsedwa ndi chipani cha Nazi mu 1934 n'kubwereranso mu 1952, adagawa ntchito momveka. Za malipiro kawirikawiri amakambirana ndi yuniyoni, pomwe khonsolo imaona za mashifiti, ovataimu ndi tchuthi. Mukafuna kudziwa ngati komiti ya kwanu ndi yeniyeni, funsani zinthu ziwiri: adasankha oimira antchito ndani, ndipo m'modzi wa iwo akatsutsa bwana lero, mawa ntchito aipeza?

FUNSO: Nanga komiti yoona za ngozi pa ntchito, yomwe imayendera magolovesi ndi zozimitsira moto, ndi yomweyomweyo? Namwino, Zomba.

YANKHO: Mayi, ndi pachibale, koma iyi idabadwira pansi pa nthaka. Lamulo la migodi ya malasha la ku Britain la mu 1872 lidalola okumba malasha kusankha anzawo 2 kuti aziyendera mgodi n'kulemba zomwe apeza, ngakhale kuti ankawalipira okha m'thumba mwawo. Patapita zaka 100, mu 1972, chigawo cha Saskatchewan ku Canada chidalamula kuti pamalo a ntchito pazikhala komiti ya mabwana ndi antchito yoona za umoyo ndi ngozi. Kumeneko kudamangidwa mfundo zitatu zomwe zafalikira maiko ambiri: ufulu wodziwa choopsa chomwe ukugwira, ufulu wotenga nawo mbali pokonza, ndi ufulu wokana ntchito yoika moyo pachiswe. Britain idatsatira ndi malamulo ake mu 1977. Kuno kwathu, lamulo la mu 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito lidatchulanso makomiti amenewa.

Chifukwa chake n'chapafupi. Woyendera wa boma amafika mwa apo ndi apo, akafika amapeza posesa kale. Koma amene amadziwa kuti waya wa magetsi kuseri kwa makina wasupuka, kapena kuti bokosi lotayamo majakisoni lidadzadza sabata yatha, ndi amene amadutsapo tsiku ndi tsiku. Ngati kwanu kuli komiti yotere, pemphani kuona zomwe adalemba pa msonkhano wapitawo, kenako mupite mukaone ngati bokosi lija lasinthidwa.