Utsi wa mamotoka, chinyengo cha makampani ndi msonkho wa kaboni

Amene tili ndi mamotoka muno mu Livingstone timadziwa kuti polipira msonkho wa msewu ku RTSA pamakhalanso msonkho wina wotchedwa carbon tax. Amene tilibe motoka timaulipiranso mosaona, chifukwa mwini taxi kapena minibasi amauwerengera mu mtengo wa ulendo. Ambiri amafunsa kuti msonkhowu umayezedwa bwanji, ndiponso ngati ndi wachilungamo. Funsoli linakula pamene zinadziwika kuti makampani ena akuluakulu ananamiza maboma za utsi umene mamotoka awo amatulutsa. Pano tafotokoza zimene zinachitika, mmene misonkho ya mamotoka imayendera m'dziko lathu, ndi zimene tingachitepo.

Zimene zili mu utsi wa motoka

Mu utsi wa motoka muli zinthu za mitundu iwiri zimene tiyenera kuzisiyanitsa. Choyamba ndi mpweya wa carbon dioxide. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha, koma ndi umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo. Kuchuluka kwake kumatsatira mafuta amene injini yawotcha: lita imodzi ya petulo imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3, ndipo lita imodzi ya dizilo pafupifupi 2.7. Ife a kuno kumwera sitifunika kuuzidwa za kusokonekera kwa nyengo. Chilala cha 2024 chinapsereza chimanga m'minda, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku.

Chachiwiri ndi zinthu zimene zimavulaza thupi la munthu wopuma utsiwo. Pali mipweya ya nitrogen oxide, imene akatswiri amailemba mwachidule kuti NOx, ndiponso mwaye wosalala kwambiri umene umalowa mpaka m'kati mwa mapapo. Zimenezi zimakulitsa mphumu, chifuwa ndi matenda a mtima. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Mmene motoka yatsopano imayezedwera

Mtundu watsopano wa motoka usanaloledwe kugulitsidwa ku Ulaya, ku America kapena ku Japan, umayezedwa m'nyumba yoyezera. Motoka imaikidwa pa zitsulo zozungulira, mawilo n'kumayenda koma iyo ili malo amodzi, ndipo utsi umakokedwa ndi paipi kupita ku makina owerengera. Liwiro ndi kutalika kwa mayeso zimakhala zodziwikiratu. Apa ndi pamene panali mpata wa chinyengo, chifukwa injini za masiku ano zimalamulidwa ndi kompyuta, ndipo kompyuta ingaphunzitsidwe kuzindikira kuti tsopano ikuyezedwa.

Mlandu wa Volkswagen

Mu 2014 akatswiri a pa West Virginia University ku America, atatumidwa ndi bungwe la International Council on Clean Transportation, anamangirira makina oyezera ku mamotoka a dizilo n'kuwayendetsa pa msewu weniweni. Anapeza kuti Volkswagen Jetta ndi Passat zinkatulutsa NOx wochuluka kwambiri kuposa amene zinaonetsa m'nyumba yoyezera. Pa 18 September 2015 bungwe la boma la America loona za chilengedwe, Environmental Protection Agency, linalengeza kuti kampaniyo inaika pulogalamu yachinyengo m'makompyuta a injini. Pulogalamuyo inkaona zinthu monga liwiro ndi kusatembenuka kwa chiwongolero. Ikazindikira mayeso, inkayatsa zonse zoyeretsa utsi. Motoka ikabwerera pa msewu, zoyeretsazo zinkachepetsedwa, ndipo utsi wa NOx unkafika mpaka kuwirikiza ka 40 mlingo wololedwa.

Chifukwa chake chinali ndalama. Kuyeretsa utsi wa dizilo mokwanira kumadya mafuta, kumachepetsako mphamvu ya injini, ndiponso kumafuna zida zodula. Kampaniyo inavomera kuti mamotoka pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse anali ndi pulogalamuyo, kuphatikizapo a Audi, Skoda ndi Seat. Mkulu wa kampaniyo, Martin Winterkorn, anatula pansi udindo pasanathe sabata. Mu 2017 Volkswagen inavomera mlandu m'khoti la ku America, ndipo zonse zimene yalipira pa nkhaniyi zapitirira mayuro 30 biliyoni. Gawo lalikulu la chipukuta misozi linapita kwa ogula a ku America. Kuyambira September 2017 maiko a ku Ulaya anayamba kuyeza mitundu yatsopano ya mamotoka pa msewu weniweni, kuwonjezera pa mayeso a m'nyumba.

Makampani a ku Japan

Nkhani imene ili pafupi kwambiri ndi ife ndi ya ku Japan, kumene kumachokera mamotoka ambiri oyenda m'misewu yathu. Mu April 2016 Mitsubishi Motors inavomera kuti inasintha manambala a kadyedwe ka mafuta pa timamotoka 625,000, ndiponso kuti inkayeza m'njira yosaloledwa kuyambira 1991. Mu March 2022 kampani ya Hino, yopanga mathiraki ndi mabasi, inavomera kuti inanama pa utsi ndi kadyedwe ka mafuta a injini zina. Imodzi mwa injinizo inkaikidwa m'mabasi a Toyota Coaster. Ofufuza anapeza kuti chinyengocho chinayamba kalekale, cha m'ma 2003, ndipo mu January 2025 Hino inagwirizana ndi boma la America kuti ilipire madola oposa 1.6 biliyoni. Mu January 2024 Toyota inaimitsa kwa kanthawi kutumiza mitundu 10 ya mamotoka a dizilo, kuphatikizapo Hilux, Hiace ndi Land Cruiser 300, itapeza kuti kampani yopanga injini zake sinatsate malamulo poyeza mphamvu ya injinizo. Toyota inanena kuti itayezanso inapeza injinizo zikukwanitsa mlingo wake.

Pamene chinyengo chikumana ndi msonkho

M'maiko ambiri olemera msonkho wa motoka umatsatira manambala a mayeso amenewa. Ku Britain, kuyambira 2001, msonkho wa pachaka unayamba kuwerengedwa potengera carbon dioxide amene kampani yalemba. Ku Japan motoka yodya mafuta ochepa imachotseredwa msonkho. Choncho kampani ikanama, boma limataya ndalama, wogula amawononga mafuta ambiri kuposa amene analonjezedwa, ndipo kampani yoona mtima imataya makasitomala. Ndiye pamabuka funso lakuti wolipira msonkho wotsalawo ndani, wogula amene sanadziwe kanthu kapena kampani imene inanama. Ku Japan Mitsubishi inalonjeza kulipira yokha, ndipo boma la Britain linanena kuti eni mamotoka a Volkswagen sadzakwezeredwa msonkho chifukwa cha mlandu umene si wawo.

Misonkho ya mamotoka mu Zambia

Achikulire akukumbukira fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, imene kuyambira m'zaka za m'ma 1970 inkalumikiza mamotoka a Fiat mu tauni yathu ino. Fakitaleyo inatsekedwa kale, ndipo lero mamotoka ambiri amene timagula ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja. Amatsikira pa madoko a Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay, n'kulowa pa Nakonde, Chirundu, Kazungula kapena Katima Mulilo. Lipoti la United Nations Environment Programme la 2020 linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja mamotoka ang'onoang'ono akale 14 miliyoni, ndipo Africa ndiyo inalandira ochuluka kuposa chigawo china chilichonse.

Motoka yotere isanakwezedwe m'sitima imayenera kuyezedwa ngati ili yoyenera pa msewu, malinga ndi lamulo la Zambia Compulsory Standards Agency. Ikafika pa malire, Zambia Revenue Authority imatenga msonkho wolowetsera katundu, umene pa mamotoka akale umatsatira mtundu wa motoka, kukula kwa injini ndi zaka zake. Motoka yopitirira zaka 5 imakhala ndi msonkho wina wowonjezera.

Msonkho wa kaboni unayamba mu 2006. Umalipidwa chaka ndi chaka ndipo umatsatira kukula kwa injini, m'magulu anayi: injini yosapitirira 1500cc, yofika 2000cc, yofika 3000cc, ndi yoposa pamenepo. Mamotoka a kunja nawonso amalipira polowa, kaya ndi alendo obwera kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya kapena mathiraki owoloka mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu May 2021. Kuwonjezera apo pali msonkho wa pa mafuta ndi ndalama za pa toll gate. Mu bajeti ya 2024 boma linachotsa msonkho wa kasitomu pa mamotoka, mabasi ndi njinga zamoto zoyendera magetsi.

Kodi njira yathu ndi yachilungamo?

Njira yathu ili ndi ubwino umodzi waukulu. Kukula kwa injini n'kovuta kunamizira, ndipo palibe pulogalamu ya kompyuta imene ingakusinthe. Choncho chinyengo cha Volkswagen kapena Hino sichinasinthe msonkho wa kaboni umene munthu amalipira kuno. Njirayi ndi yosavutanso kutolera.

Vuto lake ndi lakuti kukula kwa injini sikutiuza utsi umene watulukadi. Tiyerekeze taxi ya 1500cc imene imayenda pakati pa Maramba, Dambwa ndi tauni, n'kumawotcha malita 15 a petulo pa tsiku kwa masiku 300. Pa chaka imatulutsa matani oposa 10 a carbon dioxide. Tiyerekezenso mkulu wopuma pa ntchito amene ali ndi vani ya 2500cc, ndipo amawotcha malita 20 a dizilo pa sabata popita ku munda. Iye pa chaka safika matani 3, komabe amalipira msonkho wa kaboni wokwera kuposa wa taxi ija. Wina angayankhe kuti taxi imanyamula anthu ambiri amene alibe mamotoka, choncho utsi wake ugawidwe pakati pa onsewo. Mfundo imeneyo ndi yomveka, ndipo ikusonyeza kuti chilungamo pa msonkho sichiyezedwa ndi muyeso umodzi.

Msonkhowu susiyanitsanso motoka yosamalidwa bwino ndi ina ya injini yofanana imene imafuka utsi wakuda. Mwini wosamala ndi mwini wosasamala amalipira chimodzimodzi.

Msonkho wowonjezera pa motoka yopitirira zaka 5 uli ndi cholinga chabwino, choti dziko lisasanduke dzala la mamotoka otha. Koma amene amagula motoka yakale kawirikawiri ndi mphunzitsi, nesi kapena wamalonda ang'onoang'ono amene sangakwanitse yatsopano. Pamene kuchotsa msonkho pa mamotoka a magetsi, pakali pano kumapindulira makamaka amene ali ndi ndalama zogulira motoka yodula.

Msonkho wa pa mafuta ndiwo umatsatira bwino carbon dioxide, popeza wowotcha malita ambiri amalipira zambiri ndipo kampani singanamizepo kanthu. Koma mafuta akakwera, mtengo wa minibasi ndi wa ufa umakweranso, ndipo katunduyo amalemera pa mutu wa wosauka.

Pali anthu enanso amene nkhani za msonkho zimawaiwala. Amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya, ana oyenda pansi kupita kusukulu ndi anyamata oitanira pa siteshoni amapuma utsi tsiku lonse, chonsecho alibe motoka. Iwo ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama za msonkho wa kaboni zimagwira ntchito yanji, ndiponso ngati zimathandiza kuyeretsa mpweya kapena kugula mankhwala a chifuwa m'zipatala. Mbali imodzi yasinthako bwino: kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA imabweretsa dizilo wa sulphur wochepa, amene amachepetsa mwaye ndiponso sawononga msanga zida zoyeretsa utsi.

Zimene tingachite

Pogula motoka yochokera kunja, tisadalire manambala a mafuta olembedwa pa intaneti. Tifunse eni mamotoka a mtundu womwewo kuno kwathu. Makampani a ku Japan ali ndi masamba amene munthu angalembepo nambala ya chassis n'kuona ngati motokayo inaitanidwa kuti ikakonzedwe. Tionenso kuti satifiketi ya mayeso a kunja ilipo.

Motoka ikakhala m'manja mwathu, tisalole makanika kuchotsa catalytic converter, chida cha pa ekizozi chimene chimayeretsa utsi. Ena amachichotsa kuti akagulitse zitsulo zodula zimene zili m'kati mwake. Tisinthe oilo ndi zosefera pa nthawi yake, ndipo tizime injini tikaima nthawi yaitali pa sukulu, pa msika kapena pa tchalitchi. Zimenezi zikukhudzanso mabasi ndi mamotoka a mipingo yathu.

Tilipire misonkho mwachilungamo ndi kutenga lisiti. Tikadandaula kuti makampani ananamiza oyeza, ifenso tisagule pepala la fitness ndi chiphuphu kapena kulemba zabodza pa malire, pakuti muyeso wonyenga ndi woipa kaya uli m'manja mwa wamkulu kapena wamng'ono.

Pomaliza, chaka chilichonse Unduna wa Zachuma umapempha anthu ndi mabungwe kupereka maganizo awo bajeti isanalembedwe. Mipingo ndi magulu a oyendetsa mataxi angagwiritse ntchito mpata umenewo kupempha kuti utsi uziyezedwa mosamala poyeza fitness, ndiponso kuti boma lizifotokoza poyera ndalama za msonkho wa kaboni zimene latolera ndi kumene zapita. Phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo ndi makhansala athu angafunsidwenso mafunso omwewa pa misonkhano ya m'madera athu.